Chotupa cha Achemwali a Rosa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maputoko pamodzi ndi alamu. Ife kuno ku Cuamba tilipo, kupatula achemwali athu a Rosa.

Tiyambe tagwirizana ziwiri izi: awauze ndani za chotupa chawo, ndipo awaperekeze ndani kuchipatala kumeneko.

Lolemba a Rosa anandipeza kuntchito kuchokera kwawo ku Mitande, atatenga disiki ya zithunzi za m'thupi zimene anawajambula ku Nampula. Ndinaitsegula ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene ofufuza amayezera zotupa zoti ziwotchedwe ndi cheza. Ndinayeza, n'kubwerezanso. Chotupa chakula kuposa chaka chatha.

Iwo anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "Ukuonapo chiyani, iwe wasukulu? Ndikathyole fodya wanga kapena ayi?"

Ndinayankha kuti pulogalamuyi ndi ya kafukufuku chabe, mawu omaliza ndi a dokotala. Zimenezo n'zoona, ndipo mwina ndayeza molakwika. Komabe nkhani yotere sabweretsa wamng'ono. Mwinimbumba ndinu.

A Rosa anapita akuseka, akuti za ulendo wakuchipatala tidzakambe fodya akagulitsidwa. Ine ndikuopa kuti pamenepo tidzakhala titachedwa.

Mulungu akusungeni nonse. Chonde yankhani msanga, chifukwa Loweruka akubweranso kudzandifunsa.

Ine mng'ono wanu,
Tomás