Zimene ndinkatola m'zipinda za alendo

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene watisunga mpaka lero. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja ukukulolani kuyenda tsopano, kapena ukutupabe kunja kukazizira? Nanga Ababa akupeza bwanji ndi maso aja? Ife kuno m'thupi tili bwino, koma mtima wanga suli m'malo, n'chifukwa chake ndatenga pepala m'malo moimba foni. Pa foni ndimalephera. Mukangofunsa kuti ana anga muli bwanji, pakamwa panga pamayankha pokha kuti tili bwino, ndipo ndayankha choncho miyezi itatu ndikudziwa kuti ndikunama.

Kuhotela ntchito ikuyenda. Anandisamutsira ku nsanjika yachitatu, kumene ndimakonza zipinda khumi ndi zinayi patsiku. Chikepe chathu cha antchito chinafa mwezi watha, ndiye nsalu zoyala pabedi tikukwera nazo pa masitepe, msana ukuchita kudandaula. Kumene tikukhala, eni nyumba anabwera kudzamata denga paja pankadontha, koma mvula itagwa madzi anangosamukira pakhomo. Zimenezi n'zazing'ono. Nkhani imene ndalembera kalatayi ndi ya Mzime wathu.

Munandipatsa mwana ameneyu kuti adzamalize sekondale ali m'manja mwanga. Tsiku lomwe tinkakwera basi munandiuza kuti kuyambira pamenepo mayi wake ndine. Ndikupempha muwerenge mpaka kumapeto musanaweruze wina aliyense.

Lamulo la kuntchito kwathu linali lakuti mlendo akaiwala chinthu chamtengo timakapereka ku ofesi, koma chimene waponya m'bini ndi chinyalala. M'mabinimo timapezamo kawirikawiri tinthu tina tonga cholembera chonenepa, tofiira, tobiriwira, tojambulidwa zipatso. Ndi fodya wamagetsi, achinyamata amati vepu. Sayatsa ndi machesi. Mkati mwake muli kabatire ndi timadzi, munthu amangoika pakamwa n'kukoka, ndipo utsi wake umanunkhira ngati maswiti. Alendo akatopa nako kamodzi amakataya n'kugula kena.

Pakona pa msewu wathu pali bambo wokonza mafoni, amene timapemphera nawo limodzi. Iwo anandiuza kuti timabatire timeneti n'tabwino, amatichotsa n'kupangira matochi, ndiye ndikatipeza ndiziwasungira. Anatipangira ngakhale kanyali koti Mzime aziwerengera magetsi akathima. Ine ndinaona ngati ndachita zanzeru, poti munatilera osataya chinthu chimene chingagwirenso ntchito. Ndinkatola tiwiri kapena titatu patsiku, n'kuika m'thumba la epuloni, ndikafika kunyumba n'kuponya m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Loweruka lililonse ndinkatuma Mzime kuti akapereke.

Ndinkamutuma ine, Amayi, ndi pakamwa pangapa. Poyamba ankazengereza, ine n'kumamukalipira kuti ndi waulesi. Kenako anasiya kuzengereza. Anayamba kufunsa yekha ngati kuntchito ndapezako tina, ndipo ine ndinagwada n'kuthokoza Mulungu kuti mwana wayamba kukhwima nzeru. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti munthu wachuma amataya chinthu chisanathe.

Zizindikiro zinalipo, ine ndiye ndinalibe maso. Chipinda chake chinkanunkhira zipatso, iye n'kumati ndi mafuta odzola amene anamupatsa mnzake. M'mawa ankakhosomola, ine n'kumati ndi fumbi. Kukwaya, paja mawu ake ankakwera mpaka anthu kutembenuka, mphunzitsi anamubweza mzere wachiwiri, ati mpweya ukumuthera pakati pa nyimbo. M'tchalitchi ankatuluka kawiri ulaliki usanathe, ati akupita kokadzithandiza. Mpaka ndinapita naye kukayezetsa shuga. Akuchipatala atanena kuti alibe, ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Kenako kunabwera kapitawo watsopano, mayi wolimba kwambiri, amene analamula kuti pasapezeke wotuluka ndi kanthu, ngakhale ka m'bini, ndipo alonda anayamba kutisecha pageti. Chitini chinauma. Pasanathe masiku atatu mwana anasintha ngati wina. Mutu sunkamusiya, manja ankanjenjemera, ankayendayenda m'nyumba ngati wataya kiyi. Ankalira popanda womuputa. Tsiku lina nditamuuza kuti atsuke kapu imene anamwera, anaimenyetsa pansi n'kundiuza m'maso muli gwa kuti sindine mayi wake. Mzime wathu uja, woti ukamudzudzula amayamba wapepesa usanamalize kuyankhula.

Apa ndiye ndinalakwanso kwambiri. Ndinati mwana ameneyu walowedwa mzimu woipa. Sindinamukhazike pansi, sindinamufunse chimene chikumupweteka. Lachitatu masana ndinamugwira dzanja n'kupita naye kwa amayi a mapemphero. Anamugwaditsa pakati, ife tonse titamuzungulira, manja ali pamutu pake, kwa maola awiri. Ena mwa amayiwo ana awo ali m'kalasi limodzi ndi iye. Ine ndi amene ndinkafuula kuposa onse kuti chimene chalowa m'nyumba mwanga chituluke ndi amene anachibweretsa. Iye anangoyang'ana pansi, misozi ikudonthera pa siketi. Pobwerera anayenda kutsogolo kwanga njira yonse osacheuka.

Sindikunyoza pemphero, Amayi, mukundidziwa. Pemphero lija linayankhidwa, kungoti yankho lake silinabwere mmene ndinkafunira.

Patapita sabata ndinakumana ndi bambo wokonza mafoni aja ali pakhomo pa shopu yawo. Anandifunsa moseka ngati alendo athu onse atembenuka mtima, poti katundu anasiya kubwera. Kenako anati akundisowa, chifukwa katundu wanga ndiye anali wabwino kuposa wa wina aliyense. Ati ena akawabweretsera, akangotsegula timadzi timatayikira pa tebulo mpaka zala kumata, koma tanga tinkabwera touma gwa. Ati alendo a kuhotela kwanu ndi aumbombo bwanji, munthu kuyamwa mpaka kadontho komaliza ngati mwana wa mbuzi. Anaseka, nanenso ndinayamba kuseka. Ndiye anawonjezera kuti vuto n'lakuti tinkachepa, tinayi kapena tisanu pa sabata. Amayi, ine ndinkaika m'chitini muja toposa khumi. Kuseka kunandithera pakamwa. Ndinagwira chitseko cha shopu yawo, iwo n'kumandifunsa ngati ndadwala.

Nditafika kunyumba ndinamupeza akusita yunifolomu. Ndinamufunsa modekha, ndipo sanakane. Anaimika simbi n'kunena kuti tsiku loyamba ankangofuna kudziwa ngati kakomedwe kake kakufanana ndi chipatso chojambulidwacho. Ati kanamutsamwitsa, anaseka yekha panjira, koma Loweruka linalo anayesanso. Ati pofika miyezi iwiri ankasankha tolemerako n'kubisa m'sokosi za sukulu, akatimaliza m'pamene ankakapereka, tina n'kumagawira anzake. Ati akadzuka m'mawa chinthu choyamba kubwera m'mutu mwake sichinalinso pemphero kapena sukulu. M'kalasi pakangotha theka la ola sankamvanso zimene aphunzitsi akunena, ankangowerenga mphindi kuti belu lilira liti. Chitini chitauma anayamba kupempha kwa anzake kuseri kwa zimbudzi za kusukulu, kukoka kamodzi kamodzi ngati wopemphetsa.

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti akanayambira pati, poti achemwali ake ndi munthu wosalakwa, wodziwa vesi la chinthu chilichonse. Sananene mwachipongwe ayi, ananena ngati munthu wotopa. Chaka chathunthu, Amayi. Chaka chathunthu ndinkasenzera mwana wanu fodya m'thumba la epuloni, madzulo n'kumamutsogolera pa mapemphero.

Tinapita kuchipatala. Namwino amene tinamupeza ndi mayi wachifatse, sanamukalipire. Anatifotokozera kuti m'timadzi timene tija muli nikotini, yemweyo amene ali mu ndudu, ndipo nthawi zina wochuluka kuposa mmene munthu angaganizire poona kuchepa kwa kanthuko. Ati mutu wa mwana amene akukula umazolowera msanga kuposa wa munthu wamkulu, ndipo zonse zija, kunjenjemera, kulira, ukali, chinali chibaba basi. Kenako anamufunsa Mzime kumene ankatipeza. Mwana anayankha kuti kwa anzake. Anandiphimba, Amayi, ine ndili pa benchi pomwepo, Baibulo lili m'chikwama. Ndinamusiya mwana kunama pamaso panga pofuna kunditeteza chifukwa ndinachita manyazi ndi namwino amene sandidziwa n'komwe. Mawa lake ndinabwerera ndekha kukanena zoona, koma pamene mwana ankafuna kuti ndiyankhule panali patadutsa kale.

Panopa akulimbana nazo. Masiku ena amadzuka bwino, timaseka, amandinena kuti ndikapsa mtima ndimayenda ngati Azakhali. Masiku ena samafuna ngakhale kumva mawu anga. Amatafuna chingamu mpaka nsagwada kuwawa. Zotsatira za mayeso a teremu ino sizili bwino, musadabwe mukaziona, ndipo mayeso omaliza atsala miyezi isanu. Amayi a mapemphero ena amamuyang'anabe ngati ali ndi kanthu, moti kukwaya anasiya kupita. Zimenezo ndinamupangira ndine, ndipo sindikudziwa kuti ndidzazikonza bwanji.

Namwino ati tchuthi chino chikhoza kumuthandiza akakhala kutali ndi anzake aja ndi mashopu a kuno, kumene tinthuti amatiyala pafupi ndi maswiti. N'chifukwa chake akubwera kwanu masabata asanu onse. Pempho langa ndi limodzi. Mkwiyo umene mukhale nawo mukamaliza kuwerenga, musungire ine. Ndidzabwera kudzamutenga, ndipo mudzandiuze zonse zimene zili kumtima kwanu, ndidzamva nditakhala pansi. Koma iye mumulandire ngati mwana amene akudwala. Musamuimike pamaso pa anthu, kaya a mpingo kaya achibale. Azakhali asamve, paja iwo nkhani ikalowa khutu ili imatulukira pamsika.

Mzime akakuyankhani mokalipa, kumbukirani chaka chimene Ababa anasiya fodya. Ine ndinali wamng'ono koma ndikukumbukira mmene ankakalipira ngakhale mpando, ndi mmene inu munkangowapatsa chochita ndi manja, osawayankha. Munawapirira mpaka anawoloka. Ngati Ababa angathe, amuuze okha mmene zinkawavutira. Mwina kwa iwo angamve, chifukwa kwa ine wamva maulaliki okwanira. Muli kapepala ka kuchipatala m'chikwama chake, mukapite nako kwa anamwino a kumeneko sabata yachiwiri.

Mundiperekere moni kwa Ababa, muwauze kuti magalasi awo ndikuwafufuzabe. Moni kwa achimwene ndi alamu, ndi ana awo onse, makamaka wakhanda amene sindinamuonebe. Moni kwa amalume, kwa Azakhali, ndi kwa amayi oyandikana nanu amene amakuthandizani kutunga madzi mwendo ukavuta.

Kalatayi ndailemba kawiri. Yoyamba ndinamuwerengera Mzime dzulo masana, chifukwa sindikufunanso kuchita kanthu kumbuyo kwake. M'menemo ndinalemba monyadira kuti watha masabata atatu osakoka. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndikonze pamenepo, si masabata atatu, ndi masiku anayi. Ati Lolemba anagwa, mnzake atamupatsa pa siteji ya basi. Ndinamva kuwawa, koma aka kanali koyamba kuti andiuze yekha ndisanamufunse, ndipo Mulungu anandigwira pakamwa, sindinalalikire. Ndinangotenga pepala lina.

Sinditumiza pa positi. Ndamupatsa iye kuti abwere nayo, envelopu yosamata, ndipo ndamuuza kuti ulendo ndi wautali, mawindo a basi amatseguka, akafuna aitaye, ine sindidzamufunsa. Akudziwa mawu aliwonse amene ali muno. Choncho ngati pepalali lili m'manja mwanu, Amayi, dziwani kuti walipereka yekha. Mwina waima pafupi pomwepo akudikira kuti mukweze maso. Muyambe mwamufunsa ngati wadya.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu wolakwa, koma wanu ndithu,

Woyamba kubadwa