Abambo Ako Asiya Chiwongolero

Thyolo,
mwezi wa Ogasiti

Wokondedwa mwana wanga Mildred,

Moni kwa iwe, kwa mkamwini wathu a Douglas, ndi kwa kamdzukulu kanga Lisa. Muli bwanji ku Mzuzu kumeneko? Chifuwa cha mwana chija chinatha? Ife kuno tiliko bwino, kupatula bondo langali limene silimvana ndi chiperoni. Chaka chino kwazizira moti othyola tiyi akumalowa m'munda atavala majuzi ophatikiza.

Mwanawe, pali nkhani imene abambo ako akhala akukubisira. Sakuyendetsanso ambulansi.

Usadzidzimuke, ntchito sinathe. Khala pansi ndikufotokozere mmene zinayendera.

Mu Juni muja, m'mawa wina kuli nkhungu, anakatenga mayi wapakati ku Khonjeni kuti apite naye ku Boma. Pa kona yotsetsereka ija, pakati pa minda ya tiyi, sanamuone wa kabaza mpaka atamufika pafupi penipeni. Anaponda mabuleki, galimoto inangokhudza tayala la njinga. Palibe anavulala, ndipo mayi uja anakachira bwinobwino. Koma abambo ako atabwerako anapita okha ku ofesi kukanena. Ati munthu uja sindinamuone, ndipo si nkhungu yokha ayi.

Nkhani inawanda. Pachipatala chathu cha pa esiteti pano anthu anayamba kunong'onezana kuti onse a imvi achotsedwa. Ena ankachita kunena mokweza kuti madala akapume, ana a masatifiketi akungokhala kumudzi. Onena zimenezo sindikuwada, nawonso anabereka. Koma amayi ochapa nsalu za odwala aja, ndi alonda achikulire a pageti, anayamba kuyenda monyang'ama ngati alendo, pamalo pamene akalambirapo.

Oyang'anira chipatala atsopano ndi mayi wachitsikana wa ku Karonga, dzina lawo a Lusayo. Anaitanitsa msonkhano n'kunena kuti iwo sachotsa munthu chifukwa cha chaka chimene anabadwa. Ati ngati vuto ndi maso, tiyeze maso, ndipo tiyeze madalaivala onse, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Anayezedwadi. Justice, mnyamata amene amasinthana ndi abambo ako, anapezeka kuti akufunika magalasi, ndipo anthu anaseka mpaka misozi. Abambo ako anawapeza ndi ng'ala m'maso onse awiri.

Tsiku limenelo anatsuka ambulansi yonse mpaka matayala, kenaka anakapereka makiyi. Atafika kunyumba anakhala pakhonde osavula nsapato. Ndinawaikira madzi osamba, madziwo anazizirira kubafa. Patapita nthawi anandifunsa kuti, "Amake Mildred, kodi munthu wosayendetsa galimoto amadzukiranji m'mawa?"



Loweruka lake tinangoona a Lusayo akutsika kabaza pakhomo pathu. Ndinati basi abwera kudzatiuza kuti yatha. Anakana mpando, anakhala nane pamkeka. Anawauza abambo ako mosabisa kuti chiwongolero sangawabwezere panopa, pakuti m'galimoto muja mumakwera miyoyo ya anthu. Abambo ako anavomera ndi mutu. Kenaka anawafunsa kuti, "Bambo Lackson, inuyo mukuona kuti mungagwire ntchito yanji? Nanga mtima wanu ukufuna chiyani?"

Abambo ako anati iwo chimene amadziwa ndi msewu basi. A Lusayo anati pakhonde la chipatala pakusowa munthu wolandira odwala, wowalozera khomo loyenera ndi kukankha mpando wa matayala, makamaka okalamba amene amamasuka bwino m'Chilomwe. Anawalonjeza kuti ng'ala ikachotsedwa adzayezedwanso. Akadzakhoza, makiyi ndi awo. Akadzalephera, adzakhala pakhondepo mpaka nthawi yawo yopuma itakwana, monga wina aliyense.

Abambo ako ukuwadziwa. Mlendo atangotembenuka anati iwo sangatsike mu ambulansi n'kukakankha wilibala. Sindinawatsutse. Ndinangosita yunifolomu n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Lolemba m'mamawa ndinamva akupolisha nsapato.

Sabata yatha ndinapita kukatenga mankhwala a bondo, ndiye ndinabisala kuseri kwa chipilala kuti ndiwaone. Anali ndi gogo wina wa ku Khwethemule amene anali ndi mantha, akuti chibadwire sanagonepo m'chipatala. Anamulonjera m'Chilomwe, n'kumukhazika bwino pampando, n'kumuuza kuti agwiritse, galimoto ikunyamuka. Pokhota pakona anatulutsa dzanja monga amachitira pamsewu, n'kuliza hutala ndi pakamwa. Gogo uja anaseka mpaka usinini kuonekera. Ine ndinalira, mwanawe, osadziwa n'komwe chimene ndikulirira.

Si kuti zonse zili bwino. Ambulansi ikamatuluka pageti amaima n'kumaiperekeza ndi maso, ndipo Justice akasintha giya mwankhanza amachita tsinya ngati awaponda chala. Koma akudya, akugona, ndipo madzulo amabwera ndi nkhani.

Tsopano ndili ndi zopempha ziwiri.

Choyamba, opaleshoni ya diso loyamba ili mwezi wamawa ku Blantyre. Iwo akuti n'zazing'ono, koma ndawamva akufunsa anzawo ngati munthu amatulukamo akuonadi. Pempha tchuthi ubwere. Akamva kwa iwe, namwino amene anamubereka okha, mtima ukhala m'malo.

Chachiwiri n'cholemererapo, ndipo usandikwiyire. Utabwera pa Isitala unadandaula za a Enid, amayi achikulire ogwira ntchito mu wodi yako, kuti amachedwa, kuti makompyuta akuwavuta. Unati poti tsopano wodiyo ukuyang'anira ndiwe, ukufuna kukapempha kuti awapumitse. Sindikukuphunzitsa ntchito. Mwina n'zoona kuti pali zimene sangathenso, monga abambo ako sangathe kuona munthu m'nkhungu. Koma usanapite ku ofesi, khala nawo pansi. Uwafunse chimene angathe ndi chimene mtima wawo ukufuna, ndipo uwamvetsere mpaka amalize. Nawonso akaweruka amabwerera kwa anthu amene amawakonda, ndipo nkhope imene ndinaiona ine pa abambo ako tsiku lija sindikufuna kuti wina aione chifukwa cha mwana wanga.

Abambo ako sakudziwa kuti ndalemba. Ukaimba foni usaonetse kuti wamva kanthu. Ungowafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, kenaka udikire. Dzulo ndinawapeza kumunda kwa nthochi akuyankhula okha, akuyeserera mmene adzakuuzire. Uwalole akuuze ndi pakamwa pawo.

Upereke moni kwa apongozi ako ndi onse a kwa a Douglas. Lisa umuuze kuti agogo amusungira mzimbe kudimba, palibe aukhudze mpaka abwere. Ambuye akusungeni nonse, ndipo iwe akupatse manja ofatsa pa odwala ako ndi pa anzako a ntchito.

Ndine mayi ako,
Margret