Ngodya ya Mpanda Wanu, Achimwene

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana. Chifuwa chija munkadandaula nacho chinatha? Nanga wamng'onoyo mano atuluka angati? Kuno tonse tikudzuka bwino. Amayi shuga yawo yatsika, ngakhale akukana kuti ndi mankhwala, akuti ndi mapemphero. Mankhwalawo akumwa ndithu, ndimawawerengera ndekha.

Mudabwa kuti ndakulemberani kalata ya papepala ngati foni ndilibe. Chifukwa chake ndi inu nomwe. Pa foni simundilola kumaliza zonena. Ndikangoti "Achimwene", inu mwayamba kale kundipatsa malangizo. Pepala simungalidule mawu, ndiye khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi dandaulo. Amayi andiuza kuti munawafunsa ngati ndinapeza ntchito yeniyeni, kapena ndikadali kuwerenga magalimoto pamsewu. Zaka zisanu ndili ku yunivesite, digiri ili pakhoma pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wanu, koma mchimwene wanga wabere limodzi akuganiza kuti ndimakhala pamwala n'kumaloza malole ndi chala. Ndakukhululukirani, koma kuiwala ayi.

Ntchito yanga ndi iyi, mwina mukaimva lero mudzaifotokoza bwino kwa anzanu. Ngozi ikachitika, anthu amathamangira kukaonerera, apolisi amalemba lipoti, abale amalira, kenako aliyense amabwerera kwawo. Ife timafika onse atachoka. Timatolera malipoti a apolisi ndi a kuchipatala, n'kumafunsa kuti zinachitikira pati penipeni, nthawi yanji, kunali mvula kapena dzuwa, galimoto inkachokera mbali iti.

Pakhoma la ofesi yathu pali mapu aakulu a tauni yonse. Ngozi iliyonse timaibayira pini pamalo pake. Yachikasu ngati angophwanyirana magalimoto, yofiira ngati munthu wagonekedwa m'chipatala, yakuda ngati pachitika maliro.

Malipoti ambiri, pamzere wofunsa chifukwa cha ngozi, amalemba mawu amodzimodzi: kusasamala kwa dalaivala. Bwana wanga, mayi wamfupi wamagalasi amene saseka Lolemba, mawu amenewa amadana nawo. Amati dalaivala mmodzi akhoza kukhala wosasamala, koma madalaivala khumi osadziwana akalakwitsa pamalo amodzi, tisiye kaye madalaivalawo tipite tikawafunse malowo.

Mwezi watha anandipatsa malipoti a zaka zisanu a dera lathu lino. Ndinabaya mapini masiku atatu mpaka chala chinachita thuza. Tsiku lachitatu ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione mapu onse, ndipo panali malo amodzi pamene mapini anaunjikana ngati nyerere zapeza fupa. Khumi ndi anayi. Asanu ndi anayi achikasu, asanu ofiira. Yakuda palibe.

Bwana anandifunsa ngati malowo ndikuwadziwa. Ndinayankha kuti ndimawadziwa pang'ono.

Achimwene, ndi pakhomo pathu. Pamphambano paja pamene kamsewu kochokera kusukulu kamalowa mumsewu waukulu. Pangodya ya mpanda wanu.

Musakwiye msanga, sungani mkwiyowo muugwiritsa ntchito kutsogoloku. Ndinabwerera ku malipoti kukaona masiku. Zaka ziwiri zoyambirira panachitika ngozi imodzi yokha, ndipo dalaivala wake anali woledzera amene akanagunda ngakhale mtambo. Zina khumi ndi zitatu zonse zachitika m'zaka zitatu zapitazi. Yoyamba mwa izo inachitika patangotha milungu isanu mmisiri atachotsa makwerero ake pampanda.

Mpanda umenewu ndikuudziwa mtengo wake mumtima mwanu. Munaumanga Bambo atatisiya, akuba atalowa kawiri, Amayi akugona ndi chikwanje kunsi kwa bedi. Chimangireni, Amayi amagona tulo. Alendo akabwera amayamba aonetsedwa mpanda asanapatsidwe madzi akumwa: kutalika kwake, pulasitala mbali zonse ziwiri, mabotolo osweka pamwamba. Dzina lake ndi "mpanda wa mwana wanga", ngati ife enafe anatitola pamsika.

Ndinabwereka galimoto ya kuofesi, ndinaiimitsa pakamsewu kaja pamene dalaivala amayenera kuima, n'kukhala pachiwongolero. Munthu woyenda pansi saona vuto, chifukwa amafika pangodya penipeni n'kusuzumira. Koma dalaivala amakhala pansi, ndipo kutsogolo kwake kuli mphuno ya galimoto. Ndinayang'ana mbali ya kwathu. Ndinaona pulasitala wokongola kwambiri.

Ndinatuluka ndi tepi yoyezera ndi choko. Kuchokera pampando uja, msewu waukulu umaoneka mamita khumi ndi limodzi okha. Galimoto yoyenda pa liwiro lololedwa pamenepo imafuna mamita pafupifupi makumi atatu kuti iime, dalaivala wake ali maso, mabuleki ali abwino. Ndiye wotuluka m'kamsewu amachita kulowetsa mphuno mumsewu waukulu kuti aone ngati kukubwera kanthu. Akamaona, kanthuko kafika kale.

Ndili mkati moyeza, anthu oyandikana nafe anatuluka kudzafunsa ngati nyumba ikugulitsidwa. Mmodzi anandiuza kuti ndisadzivute, pamalopo pali mphepo yoipa, anapempherapo kale kawiri. Ndinamuuza kuti mphepoyo ndaipeza, ndi ya njerwa.

Pini yomaliza, yofiira, ndi Atelala. Inde, omwe aja anakuchepetserani jekete ya ukwati, amenenso anandisokera diresi yolandirira digiri. Ankatuluka m'kamsewu panjinga atanyamula mayunifolomu, minibasi inawapeza. Mwendo unathyoka pawiri, womwewo wopondera makina.

Ndinakawaona kunyumba kwawo. Ali m'chikhakha mpaka m'ntchafu, makina awafunditsa nsalu. Anandiuza kuti iwo anayang'ana ndithu asanalowe mumsewu, ndipo anaona mpanda wabwino zedi, kenako anaona denga la chipatala. Anati ndisamuimbe mlandu dalaivala uja, chifukwa ndi yemweyo anawanyamula akulira ngati mwendo ndi wake. Lipoti lawo likuti kusasamala kwa wapanjinga. Munthu amene amalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi.

Anandifunsanso ngati diresi ija ikundikwanabe. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Tsopano tafika pamene ndakhala ndikuzungulira chiyambire kalatayi. Mkwiyo uja ndinati musunge, utulutseni.

Mukukumbuka kuti pomanga mpanda inu munali kale kunjako, ndipo munati ine ndiyang'anire ntchito popeza ndine wophunzira. Ndinali chaka chachinayi, mutu utadzaza mawu atsopano. Nditafika pa tchuthi ndinapeza mmisiri wakhoma zikhomo ndi kumanga chingwe, koma pangodya paja anadula mopingasa, kutsata mmene mpanda wakale wa maluwa unkadutsira. Kunja kunatsala kamalo kopanda kanthu.

Ndinamufunsa kuti malo athu akuwapereka kwa yani. Anayankha mwaulemu kuti pamphambano sapanikiza, anthu amafunika kuonana. Ine, mlongo wanu, ndinamufunsa kuti zimenezo anaziphunzira sukulu iti. Ndinazula chikhomo ndi manja anga, n'kukachikhoma kumapeto kwenikweni kwa malo athu, ati kuti Amayi apeze pobzala maluwa awo. Mmisiri anangoti chabwino, mwana wasukulu wanena.

Ndiye njerwa ndi zanu, koma ngodya ndi yanga. Mapini khumi ndi atatu aja ndinawabaya kawiri: koyamba ndi chikhomo, kachiwiri pamapu.

Masiku awiri sindinauze munthu. Ndinaganizapo zolemba lipoti longoti pamalopo pakufunika chikwangwani, mpanda osautchula. Ndikanatha, ndipo palibe akanadziwa. Koma m'mawa uliwonse ndimatulukira pageti lomwelo, ndipo ndimamva mabuleki akulira ndikumwa tiyi.

Tsiku lachitatu ndinalowa kwa bwana n'kuwauza zonse. Anavula magalasi, kenako anati pa zaka makumi awiri za ntchito yawo aka n'koyamba kuona wofufuza ngozi ndi choyambitsa ngozi atakhala pampando umodzi. Linali Lolemba, koma anaseka. Atatha kuseka anati malo ambiri oopsa amafuna zaka ndi misonkhano kuti akonzedwe, koma awa akungofuna banja limodzi ligwirizane, ndiye ndisawachititse manyazi.

Amayi ndiye anakana ndisanamalize n'komwe. Mwaona kumene munatengera. Anati mpanda sunayendepo, sunagundepo munthu, uli phee pamalo pake. Anati anandipititsa kusukulu kuti ndizimanga, osati kugumula. Ndipo anati njerwa imodzi yokha ikachoka popanda mawu a mwana wawo, ine ndi digiri yanga tikafune kokhala.

Sindinakangane nawo. Loweruka ndinabweretsanso galimoto ija, ndinaiimitsa pamalo paja, n'kuwapempha kuti akhale pachiwongolero. Anakana kaye, ati anthu aziti ayamba misala yaukalamba, koma analowa, atagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati chithawa. Ndinawauza kuti akangoona galimoto ikubwera mbali ya mpanda, anene.

Tinamva lole ikubwera. Amayi anasuzumira, anatukula khosi, anasendera kutsogolo mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda galasi. Lole inangotulukira pamphuno pathu n'kudutsa, galimoto yathu n'kugwedezeka. Mawu oti "ndaiona" anawanena lole itapita kale.

Kenako anafunsa ngati ana asukulu aja amadutsa pomwepa. Ndinati inde, ena pansi, ena panjinga, ena atakwezedwa panjinga zamoto atatuatatu. Anatuluka m'galimoto, anakonza mpango kumutu, n'kunena kuti zonsezo azimva, koma mpanda ndi wa mwana wawo, ndipo wonena ndi yemweyo.

M'mawa mwake ndinawapeza pangodya paja ndi khasu, akuzula maluwa awo n'kumawaika m'zitini. Nditafunsa, anati dothi la pamenepo latopa, ndipo ndisawayang'ane choncho.

Pempho langa ndi ili. Sindikufuna mpanda wonse. Tigumule mamita asanu mbali iyi ndi asanu mbali inayo, timangenso mopingasa mmene chingwe choyamba chinadutsira. Kutalika komweko, pulasitala yemweyo, mabotolo anu tibwezeretsa onse. Wakuba sapezapo mwayi, Amayi azigonabe tulo. Ndayeza kale: dalaivala aziona mamita opitirira makumi anayi. A khonsolo avomera kujambula mzere woimapo ndi kuika chikwangwani, bwana anawagwira pakhosi mpaka anasaina.

Mmisiri ndi yemwe uja. Ndinapita kwawo kukapepesa. Anandiuza kuti ndibwereze, khutu lake silimva bwino chifukwa silinapite kusukulu. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso kuti akazi ake amve nawo. Atakhutira anati njerwa zomwezo zikwana ndipo zina zitsala, ntchito ndi ya masiku anayi. Za mmisiriyo ndi simenti musaziganizire, wozula chikhomo ndi amene aone.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangopempha a khonsolo atilembere kalata yolamula. Zikhoza kutheka. Koma zikatero Amayi adzaona anthu achilendo akuphwanya mphatso ya mwana wawo, ndipo sadzaiwala. Ine ndikufuna adzaime pageti n'kumauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo, ali kutali komweko, anamva za Atelala n'kulamula kuti ngodya ichoke. Ulemu wonse utengeni, ine sindiufuna. Ndazolowera.

Sukulu zitsegulidwa pakatha milungu itatu. Mu kabati yanga kuofesi muli kabokosi ka mapini akuda. Ndakhala ndikukatsegula chifukwa cha misewu ya anthu ena. Sindikufuna tsiku lina kudzakatsegula chifukwa cha pakhomo pathu, ndikudziwa kuti chikhomo ndinazula ndine.

Ndiye Lamlungu likubwerali, Amayi akabwera kutchalitchi, aimbireni. Musawapatse malangizo, musafunse za ntchito yanga, mungowauza kuti ngodya igumulidwe. Mukatha pamenepo ndiimbireni ine mundikalipire mmene mungafunire. Ndikulonjeza kuti ulendo uno sindikudulani mawu, ndipo ndi mwayi umene sudzabweranso.

Atelala akupereka moni. Adokotala akuti mwendo ukulumikizana bwino, ndipo miyezi iwiri ikatha abwerera pamakina. Akuti mukadzabwera mudzawapititsire jekete ija aikulitse, chifukwa zithunzi zanu aziona.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndimawagomera kupirira kwawo. Ana muwapsompsone m'malo mwanga, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake akuti aziyang'ana mbali zonse ziwiri asanawoloke, ngakhale bambo ake atamuuza kuti kulibe kanthu. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pantchito, ndi mtima wofewa pofika Lamlungu.

Maluwa asamuka kale, Achimwene. Mmisiri wanola tchizulo. Amayi foni akuitchaja kawiri patsiku, ati batire yayamba kuvuta.

Ine mlongo wanu,
Wowerenga magalimoto uja