Dzanja la Ababa Lakana Ndodo ya Gofu

Achimwene,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Nkopola tilipo, koma dzanja la ababa silinachire chidwalireni sitiroko ija.

Loweruka anakakamira kuti ndiwaperekeze kubwalo la gofu, poti mpikisano wa nyengo yotentha unkayamba. Atafika anayamba kulangiza osewera monga kale: "Musamenye ndi ukali, diso likhale pa mpira." Kenaka anati amenye okha. Ndodo inawapulumuka m'manja kawiri, mpira osasuntha.

"Mariamu, tiye kunyumba," anatero.

Chibwerereni sakudya bwino, ndipo andiuza kuti ndodo zonse ndigawire anthu. Chonde aimbireni foni, mwina inu angakumvereni. Allah akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Mariamu