Mphira pa Wokitoki ya Bambo

Amayi, kodi mukukhalako bwanji kumeneko? Ife kuno kwa Kawinga tilipo, kungoti chichokereni inu pakhomo panazizira.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Fanuelo, anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yomwe ija. Nandolo wabereka chaka chino, koma mpunga mbalame zinatithera. Paja munkati mbalame zimaudziwa munda umene mwini wake wachoka.

Chondisowetsa mtendere ndi bambo. Akupitabe okha kudimba lija la kutsidya kwa dambo, komwe munagwera inu. Foni munali nayo tsiku lija, yomangira pachitenje, koma kumeneko netiweki kulibe, ndipo tinakupezani mochedwa. Tsopano nawonso chizungulire chikumawagwira, koma kuwaletsa khasu n'kutaya nthawi.

Ndiye ndinapita ku Liwonde kukafuna mawokitoki, timawayilesi tam'manja tija amalankhulirana alonda. Mukundidziwa ine ndi maso anga, ndinaloza yaikulu ya mlongoti wautali. Wogulitsa anandiuza kuti yamphamvu choncho imafuna chiphaso cha boma, kupanda apo ndi mlandu. Zimene munthu wamba angagwiritse ntchito popanda chiphaso ndi zing'onozing'ono, mphamvu yake lamulo linaiikira malire, ndipo sizifika kutali. Ndinagula ziwiri zazing'onozo ndikung'ung'udza, poganiza kuti ndagula zidole.

Kufika kumudzi, imodzi ndinasiyira bambo pakhonde, inayo ndinanyamula n'kuyamba ulendo wa kudimba, ndikuwaitana m'njira monse. Pachulu anayankha. Pamlatho wa mitengo anayankha. Mpaka pansi pa mtengo wa mango uja pomwe tinakupezani, mawu awo anamveka ngati ali pambali panga. Amayi, ndinakhala pansi n'kulira. Mphamvu yochepa yomwe ndinkainyozayo ikanakwana kukupulumutsani.

Koma imvani zimene achita amuna anu. Kachipangizoka umadina batani polankhula, n'kulisiya kuti umve mnzako. Iwo akuti zala zinauma, ndiye anakulunga batanilo ndi mphira ya chubu cha njinga, monga amachitira ndi mpini ndi tochi, moti limangokhala lodinika nthawi zonse. Mabatire akutha msanga, nkhani ndi imeneyo. Sakudziwa kuti tsopano ndikaitana sandimva, pomwe ine kunyumba ndikumva zonse.

Ndimamva khasu, ndimamva akupuma, kenako amayamba kucheza nanu. Amakuitanani kuti amake Fanuelo, n'kumakuuzani za tomato, n'kumakusekani kuti mizere yanu inali yokhota. Dzulo anakupepesani. Anati tsiku lija akanaleka kupita kumsika, akanapita nanu kudimba. Pakhomo pano mawu amenewo sanawatulutsepo, ngakhale pamaliro panu. Ndinali ndikupeta mpunga, ndinangosiya lichero.

Sindinawauze kanthu, ndipo mphirayo sindiichotsa. Mwina ndikulakwa kumvetsera za akuluakulu, mundikhululukire. Koma ndikamawamva akulankhula nanu, ndimadziwa kuti akadali chilili ndi khasu lawo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Ndikukulonjezani kuti kawayilesika sikachoka m'chiuno mwanga bambo akakhala kudimba. Tsiku limene adzangoti zii pakati pa nkhani yanu, ndidzathamanga. Ulendo uno sindidzafika mochedwa.

Ndine mwana wanu,
Esinati