Zimene Ndinaona M'beseni, Ababa

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, Ababa. Amayi andipatsa ine ntchito yolemba mawu a pansi pa chithunzi chanu, ati poti ndamaliza sekondale, cholembera chinandizolowera. Iwo amayembekeza mizere inayi basi. Koma pali chinthu chimene ndachibisa zaka zonsezi, ndipo ndikachilumpha ndiye kuti zina zonsezo ndikungodzaza pepala.

Makina anu osokera akadali pakhonde la shopu. Achimwene ndiwo akupalasa tsopano, ngakhale makolala awo amatuluka okhota. Tepi yanu yoyezera ili pa msomali womwe uja. Timakumbuka mmene munkasekera makasitomala okokera mimba m'kati mukamawayeza. Munkawauza kuti apume bwinobwino, poti wobisa mimba kwa telala amakavutika yekha paukwati batani likathawa. Timakumbukanso timapilitsi ta msana timene munkameza tiwiritiwiri m'mawa ndi madzulo musanadye kanthu, mukuti mpando wa makina ulibe chisoni.

Munagonekedwa m'chipatala mwendo wakumanzere utatupa ngati mtsamiro, mpweya ukuperewera. Amayi anali ndi khanda la masabata atatu, losaloledwa kulowa m'wodi, achimwene ali ku shopu. Ndiye wokudikirirani ndinali ine, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Bedi lanu linali pafupi ndi zenera losatsekeka lija. Ntchito yanga inali kubweretsa chakudya, kuitana anesi diripi ikatha, ndi kukataya beseni chifukwa simunkatha kufika kuchimbudzi.

M'mawa wa tsiku lachiwiri kunabwera adokotala aakulu, mayi wamfupi wa magalasi, ophunzira asanu ali pambuyo pawo. Inu munayamba ndi kuwauza kuti manja a gauni lawo ndi aatali, mukatuluka mudzawapindira ulere. Anaseka, kenaka anafotokoza mosabisa. Magazi anali ataundana mumtsempha wa mwendo, ndipo kachibuluma kakasuntha n'kukafika kumapapo, munthu amapita osatsanzika. Mankhwala oletsa magazi kuundana analipo. Koma ngati m'mimba muli chilonda chotuluka magazi, mankhwala omwewo amachitsegula. Impso zanunso zinali zofooka, choncho mlingo wake sunali wongoganizira. Anati njira zonse ziwiri zili ndi dzenje, iwo akufuna adziwe lakuya ndi liti. Ndiye anafunsa ngati pali mankhwala ena amene mumamwa, ndiponso ngati chimbudzi chanu chinakhalapo chakuda ngati phula. Anati mapilitsi ena opha ululu amayambitsa chilonda m'mimba, ndipo chimbudzi chakuda ndi chizindikiro chakuti chilondacho chikutuluka magazi.

Inu munakana zonse ziwiri, uku mukumwetulira. Adokotala anatembenukira kwa ine, poti wonyamula beseni ndinali ine. Ababa, ndinali nditachiona, dzulo lake ndi m'mawa womwewo. Koma ophunzira asanu aja anali atandiyang'ana zolembera zili m'manja, odwala a mabedi oyandikana atatchera khutu, ndipo inu munali mutakana kale. Mwana wamkazi angatsutse bwanji bambo ake pagulu, nkhani yake ya kuchimbudzi? Ndinayang'ana simenti n'kupukusa mutu. Adokotala anadikira pang'ono, ngati akundipatsa mpata, kenaka analemba mu fayilo.

Jakisoni woyamba woletsa magazi kuundana anakubayani pamimba masana omwewo. Patatha masiku anayi munasanza magazi. Anaimitsa mankhwala aja, anakuwonjezerani magazi kawiri, ndipo adokotala ankabwera katatu pa tsiku kudzaona zotsatira za kulabu. Ndinawamva pakhonde akukambirana ndi mnzawo wa maopaleshoni ngati ayambirenso jakisoni kapena adikire kuti chilonda chigwire. Wina ankaopa mapapo, wina ankaopa mimba. Anagwirizana zodikira masiku awiri. Tsiku lachiwirilo, cha m'ma 3 koloko masana, mpweya unakutherani ine ndikukupukutani pamphumi.

Pamaliro anthu ankati achipatala analakwitsa mankhwala. Achimwene mpaka lero akadwala amalolera kubuula m'nyumba kusiyana ndi kuponda pachipata cha chipatala chija. Ine ndinkangomva, osatsutsa. Sindikudziwa ngati mukadachira ndikadatsegula pakamwa. Ndinafufuza m'buku la sayansi kusukulu, silinandiyankhe. Chimene ndikudziwa n'chakuti adokotala aja anadula nsalu potsata muyezo umene tinawapatsa ife.

Amayi amakusowani, nthawi zina amayankhula nanu akamasita. Azakhali akabwera amakhala pa mpando wanu n'kumadandaula kuti palibenso wowanena kuti anenepa. Khanda lija, limene munalinyamula masabata atatu okha, likuthamanga tsopano. Makutu ndi anu enieni. Likaona chithunzi chanu limati ndi abambo a makina.

Dzulo masana ndinawawerengera Amayi pepalali tisanakalipereke. Nditafika pa beseni ndinaika pepala pansi n'kunena ndi pakamwa panga.

"Amayi, chinali chakuda, ndipo ine ndinachiona. Adokotala anandifunsa, ndinakana."

Anapitiriza kusita malaya mpaka kolala, kenaka anaimika simbi. Anati timapilitsi tija simunasiye kumwa ngakhale m'chipatala. Iwo ndi amene ankatikulunga m'kansalu n'kutiika pansi pa dengu la chakudya limene ine ndinkanyamula, chifukwa munawatumizira mawu kuti msana ukukusowetsani tulo, ndipo anesi asadziwe. Zaka zitatu zonsezi aliyense wa ife anali ndi chake, tikudyera mbale imodzi.

Sitinalire kwambiri. Amayi anati ndisafufute mzere ngakhale umodzi, ndiwonjezerenso zawozo, ndipo achimwene tikawauze tokha ku shopu asanazione papepala. Tinapita limodzi. Achimwene anasiya kupalasa makina n'kutimvera mpaka kumapeto, kenaka anayambiranso kupalasa. Mwina tsiku lina adzanenapo zawo.

Pumani, Ababa. Tepi yanu sitiichotsa pa msomali, ndipo inu simudzachoka m'mitima mwathu.