Duku Lomangidwa Ngati Thumba la Mbatata

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira, koma thupi lapepukako.

Yakwana miyezi iwiri chichotsereni bere la kumanzere. Nseru ya mankhwala a m'diripi lero yandileka. M'mawa ndinachita zimene anandiphunzitsa anamwino: kuyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, kenako kunyamula mabotolo awiri a mchenga kakhumi. Amuna anga, bambo a Tamanda, amalemba ndi khala pamene zala zafika. Lero mzere wapitirira zenera.

Ndili mkati monyamula, amayi a kumpingo anafika kudzandizonda. Ankayembekeza kundipeza pamphasa. Mmodzi mwa iwo, Mayi Nachisale, anatembenukira bambo: "Wodwala amagona. Inu mukuwasenzetsa mchenga mayiwa ngati akumanga nyumba?" Bambo anangobisa khala m'thumba. Ndinafotokoza kuti mkono ukangokhala umauma, koma anandigoneka ndithu, n'kundifunditsa, n'kupemphera. Ndinagona. Anthu ayenda mtunda wonsewo, sindikanawakhumudwitsa.

Chithothokereni tsitsi, duku amandimanga ndi bambo, chifukwa mkono sunkafika kunkhongo. Munthu wakhala akumanga matumba a mbatata ku Lizulu zaka zonsezi, ndiye mutu wanga amaumanganso chimodzimodzi: mfundo yothina, yopendekera kumodzi. Tsiku lililonse ndimadandaula, iwo amangoti, "Koma silinagwepo."

Bambo atatuluka kukaperekeza alendo, ndinayesa kumanga duku ndekha. Mkono unafika. Ndinamanga bwinobwino, ndinadziyang'ana pagalasi, kenako ndinamasula msanga asanabwerere.

Ndiwauza mawa. Kapena Lamulungu. Kungoti zala zawo zokhakhalazo zikamagwira pamutu panga pozizirapa…